Chogwirira cha Kambale ka Amayi

Stanbury, Connecticut
9 Meyi, 1806

Okondedwa Achemwali a Tryphena,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Jared ndi mlendo wathu watsopanoyo. Kuno tonse tili moyo. Kalata yanu inafika Lachiwiri lapitali itayenda masabata asanu, ndipo ndaiwerenga mpaka mopindika mwake mwayamba kung'ambika. Zikomo pomutcha mwanayo dzina la Amayi. Nditaona dzina loti Zilpah ndinangokhala pansi pamasitepe, ndowa ya madzi ili m'manja, osakumbukanso kumene ndimapita nayo.

Mwabwerezanso zinthu ziwiri zija. Mwati banja la a Hosmer likamanyamuka ndi ngolo kubwera ku Ohio ndikwere nawo ndidzakhale ndi inu, ndipo ndisaiwale kambale kasiliva ka Amayi, ka chogwirira chimodzi kaja, kuti Zilpah adzadyeremo phala lake loyamba monga tinadyeramo ife. A Hosmer anyamuka Lolemba likubwerali. Adzakupatsani kalata iyi ndi kaphukusi kakang'ono. Ine sindidzakhala pangolopo, ndipo kambaleko sikadzakhalaponso. Ndifotokoza zonse, koma mundilole ndiyambe ndi za panyumba.

Nyumba mutaiona lero simungaizindikire. Chikwatirire achimwene a Elihu, alamu a Lavinia asintha zambiri. Mpando wa Bambo woika mikono uja, umene sitinkaloledwa kukhalapo, unakwera kuchipinda changa cha kudenga. Kabati yaitali ya madilowa ija anaitenga kalipentala, m'malo mwake kunabwera ina yaifupi ya thabwa lofiira la kunja, ya miyendo yoonda moti ndikamasesa ndimaopa kuithyola ndi tsache. Musaganize kuti alamu ndi munthu woipa. Achimwene tsopano ndi amene akugulitsa mabuku ndi makandulo kwa anyamata a pakoleji, ndiye alamu amafuna kuti akazi a aphunzitsi akabwera asatione ngati anthu a kumunda. Ine ndimagona pakati pa zinthu zonse zimene zachotsedwa pansi. Ndikaweruka ndimakhala pampando wa Bambo uja, ndipo palibe wondiletsa.

Ndikupitabe m'mawa uliwonse kwa a Orcutt, osula siliva aja, kukawalitsa masipuni ndi kamwala ndi madzi a sopo. Akalamba, makutu akutha, koma nthabwala zilipobe. Amanditchula kuti Wolongolola chifukwa patsiku sindikwanitsa mawu khumi, ndipo amati n'chifukwa chake sangandisinthe ndi wina, poti wogontha ndi wosalankhula sakangana.

Tsopano za kambale. M'makalata anga awiri apitawa ndinakuuzani kuti kali bwino m'kabati, kakungodikira ngolo. Linali bodza, achemwali. Pamene ndinkalemba yoyamba ija n'kuti kambaleko katalowa kale pamoto.

Mukudziwa kuti Amayi anamwalira ndili nawo ndekha m'chipinda. Anandiuza kawiri kuti kambale n'ka mwana wamkazi woyamba wa Tryphena, chifukwa kamayenda mwa akazi, sikatsala ndi nyumba. Zimenezi ndinakulemberani inu, koma pano sindinauze munthu. Ndinkaona ngati aliyense akudziwa. Papepala la chuma cha masiye sizinalembedwe, choncho kambale kanatsala m'manja mwa achimwene pamodzi ndi mapoto ndi mabulangete.

Mu Novembala alamu anafuna tipoti yasiliva. Monga amachitira aliyense kuno, anasonkhanitsa siliva wakale kuti akasungunulidwe: chikho chachikulu cha Bambo chokhala ndi chivundikiro chija, masipuni opindika, zomangira nsapato za agogo aamuna, ndi kambale. Anaziyala patebulo tikudya chakudya cha m'mawa. Achimwene ananyamula kambaleko, anakatembenuza, kenako anandiyang'ana.

"Achsah, iwe unali nawo Amayi. Ananenapo kanthu za aka?"

Alamu nawonso anali akundiyang'ana, akumwetulira, chithunzi cha tipoti chimene anajambula okha chili pambali pa mbale yawo. Dzulo lake anali atandisokera kolala ya diresi langa la kutchalitchi osawapempha. Ndinapukusa mutu. Achimwene anati chabwino, n'kuika kambaleko pamulu. Ndipo poti ndimapita komweko, anandimangira zonse m'nsalu kuti ndinyamule ndine.

A Orcutt anaika chimodzichimodzi pasikelo. Atafika pa kambale anaima, anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza zilembo za pachogwirira: za agogo awo a Amayi, za agogo athu, za Amayi. Anati zomalizazo anazizokota ndi bambo amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo dzanja lake akulidziwa ngati nkhope. Kenako anakakweza pashelefu. Mwina simukulidziwa lamulo lawo. Chinthu chilichonse chokhala ndi zilembo za anthu amene anamwalira sachisungunula tsiku lomwelo, amachisiya chigone pashelefu mpaka Sabata lidutse. Amati zaka makumi anayi zawaphunzitsa kuti munthu amabweretsa siliva Lachiwiri mtima uli pa tipoti, Lamulungu ali m'tchalitchi n'kukumbukira amayi ake, Lolemba n'kubwera akuthamanga chipewa chili m'manja.

"Moto subweza, Wolongolola," anatero. "Ngati kwanu kuli wina wofuna kulira, ukamuuze alire msanga."

Ndiye ndinali ndi masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lililonse ndinkakhala pabenchi langa kambale kali pamwamba pa mutu wanga, ndikukonza mawu okanena. Pobwerera ndinkawanena chamumtima ndikudutsa pabwalo la ng'ombe la kutsogolo kwa koleji, ndipo anali mawu abwino, aulemu, osalakwira munthu. Ndikangogwira chitseko cha kwathu ankandithawa. Tsiku likapita zinkavutirapo, chifukwa tsopano sindikanangonena za Amayi zokha, ndinayeneranso kunena kuti ndinapukusa mutu monama. Loweruka ndinafika potsegula pakamwa. Tili patebulo ndinati, "Achimwene," ndipo onse awiri anaika masipuni pansi n'kundiyang'ana. Ndinapempha mchere. Mcherewo unali pafupi ndi dzanja langa. Alamu anaseka, anati mwina ndayamba kuganiza za mnyamata wina wa pakoleji, n'kundisunthira pafupi. Lamulungu abusa analalikira maola awiri, sindinamvepo kanthu.

Lolemba m'mawa a Orcutt anatsitsa kambale, n'kufunsa ngati palibe amene akubwera. Ndinati palibe. Anayang'anabe kumsewu kwa kanthawi, kenako anatenga lumo lawo lalikulu lodulira siliva. Anayambira kukamwa kwa kambaleko, kudutsa pamene panapindika tsiku lija munakagwetsera pamwala wa pamoto, Amayi n'kukukwapulani inu pomwe amene anakukankhani ndinali ine. Phokoso lake ndi laling'ono, ngati akudula chikopa. Tizidutswa tinkagwera mumphika wosungunulira. Atatsala ndi chogwirira chokha ndinangopezeka ndagwira dzanja lawo, ndipo tonse awiri tinadzidzimuka.

"Ichi ayi," ndinatero.

Sanandikalipire. Anangoti siliva wa mwini amabwerera kwa mwini wake kulemera kwake kuli komweko, ndiye chogwirira chikatsika pasikelo payenera kukwera china. Ndinathamangira kunyumba kukatenga sipuni yanga ya ubatizo ndi kachipewa kanga ka kuchala kosokera, zonse zasiliva. Zinakwanira, mpaka kupitirira pang'ono. A Orcutt anandipatsa chogwiriracho, ndipo tsiku lonselo sananditchule kuti Wolongolola.

Tipoti inatha chaka chisanathe. Ndinaiwalitsa ndine, masiku atatu. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndi yoipa, koma pa zonse zimene ndaziona zikutuluka m'manja mwa a Orcutt palibe chokongola ngati imeneyi. Akazi a aphunzitsi anabwera anayi tsiku lina chipale chofewa chitagwa, ndipo wothira tiyi ndinali ine. Mmodzi anafunsa ngati inachokera ku Boston, alamu n'kuseka ndi chimwemwe. Ndikamathira ndinkaona nkhope yanga pamimba pake, yaitali, yopanda pakamwa. Chogwirira ndinachibisa m'sokosi, m'dilowa ya pansi, ndipo sabata yomweyo ndinakulemberani kalata yachiwiri ija.

Mu Malichi kunabwera mlendo wogona panyumba, a Fenn, amene amajambula matauni n'kudinda zithunzizo kuti anyamata omaliza sukulu azigula. Ndi bambo wonenepa, wa ana asanu ndi awiri ku Hartford, wolankhula ngakhale ali yekha. Anayendera nyumba zonse za mumsewu wathu n'kupeza kuti zenera la chipinda changa ndi limene limaona koleji bwino, nyumba zitatu za njerwa zija, tchalitchi ndi bwalo. Alamu anawalola kuti azijambulira mmenemo ine ndikakhala kuntchito. Loweruka lina masana ananditumiza kukawapatsa tiyi, ndipo ndinawapeza atakhala pampando wa Bambo, thabwa lili pamaondo, atatsala pang'ono kumaliza.

Ndinayang'ana papepala, n'kuyang'ana pazenera. Ng'ombe panalibe. Nkhumba za a Hosmer panalibe, matope panalibe, mulu wa nkhuni wa kuseri kwa tchalitchi panalibe. Timitengo tija anabzala chaka chimene munachoka, tongofika m'chiuno, anatijambula titatalika kuposa madenga. Pansi pake panali anyamata awiri ovala bwino akuwerenga buku limodzi, chinthu chimene sindinachionepo pabwalo limenelo chibadwire. Ndinadabwa mpaka ndinalankhula.

"Ng'ombe zapita kuti?"

"Kani mumalankhula, mayi? Ndimayesa mwina mwini nyumba anakugulani pamodzi ndi mipando," anatero a Fenn. "Ng'ombe ndazitumiza kokadya. Mnyamata akamaliza sukulu safuna kukaonetsa amayi ake ndowe. Amagula tauni yoti akaisowe ali kutali. Ndikajambula matope, ana anga adya matope omwewo."

Ndinafunsa ngati limeneli si bodza. Anaseka mpaka tiyi anatayikira pathabwa. Anati bodza ndi limene limapweteka munthu, koma ili silingapweteke aliyense, kupatula wopusa amene angayende ulendo wautali kudzafuna mthunzi pansi pa mitengoyo. Anapitiriza kujambula akuimba muluzu. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikuganiza za makalata anga awiri, ndi inu kutali uko, muli oyembekezera, mukupukuta malo pashelefu.

Tsiku lomwelo pa chakudya chamadzulo ndinatsika ndi chogwirira m'manja, ndinachiika patebulo pamaso pa achimwene, ndipo ndinanena zonse maso ali pathabwa la tebulo. Ndinkayembekeza kuti alamu akwiya. Sanakwiye, analira. Anati iwonso ali ndi sipuni imodzi ya amayi awo, ndipo wina ataisungunula sangamukhululukire mpaka kumanda. Anandifunsa kuti ndinkawaona ngati munthu wotani, kuti ndingawalole kuthirira alendo tiyi m'kambale ka mwana wa wina. Achimwene anatenga chogwiriracho, n'kumasisita zilembo za Amayi ndi chala.

"Ndinakufunsa, Achsah. Ndinkakayikira, n'chifukwa chake ndinakufunsa. Sunafunike n'kulankhula komwe. Ukanangogwedeza mutu movomera."

Zimenezi ndi zimene zimandiwawa kuposa zonse, achemwali. Panalibe munthu wolimbana naye. Miyezi yonseyi ndinkaopa anthu amene akanandipatsa kambaleko ndi manja awiri.

Kuyambira tsiku limenelo tipoti ili m'kabati ya miyendo yoonda ija ndipo palibe amene amaitulutsa. Tiyi tikumwera m'yadothi yakale. Onse awiri amandilankhula mwaulemu, ngati mlendo amene sakudziwika tsiku lochoka. A Fenn anapita kumayambiriro kwa Epulo, ndipo patebulo pamangomveka masipuni.

Patatsala chinthu chimodzi choti mudziwe. Alamu anapita okha kwa a Orcutt kukafunsa ngati tipoti ingabwerere kukhala kambale. A Orcutt anati n'zotheka. Siliva ndi yemweyo, chogwirira chakale chilipo, angasule kambale katsopano n'kulumikiza, n'kukadetsa pang'ono, ngakhale kukapinda pamene panapindika ngati nditawasonyeza malo ake. Ine anandiuza pambali, mokweza monga amalankhulira ogontha, kuti ku Ohio kulibe wosula siliva woti n'kuzindikira, ndipo kambale koterako kanapusitsapo abusa awiri ndi loya. Ndikuganiza kuti amangofuna kundimvera chisoni m'njira imene amaidziwa.

Sabata yathunthu ndinkafuna kuvomera. Ndikanakwera ngolo ya a Hosmer kambale kali pamiyendo, inu n'kundilandira pakhomo, Zilpah n'kudyeramo. Ndipo m'mawa uliwonse ndikanamakuonani mukukapukuta, mukuganiza kuti manja a Amayi anadutsa pomwepo, ine ndili chete pakona. Mukudziwa kuti kukhala chete ndimatha. Ndikanatha zaka makumi anayi. N'chifukwa chake ndinakana. Alamu akuti siliva yense wa tipotiyo ndi wanu, ndipo ngati mufuna kuti asule kambale kena mukudziwa kuti n'katsopano, munene, adzachita. Zimenezo ndasiyira inu.

M'kaphukusimo muli chogwirira. Pansi pa zilembo za Amayi panatsala malo a zilembo ziwiri zokha. Lachitatu ndinauza a Orcutt dzina la mwana, ndipo anandipatsa chozokotera chawo, chimene salola munthu kuchikhudza, anati ndilembe ndekha poti ndinachiwombola ndi sipuni yanga. Z yapendekeka, ndipo pa B, ya dzina la banja la alamu a Jared, dzanja linaterereka, mudzaona kamzere kotsika. Pamene panadutsa lumo ndapasalaza masiku awiri, sipangacheke ngakhale lilime. Ndapisa riboni m'timabowo take. Mayi Hosmer akuti mwana akayamba kumera mano siliva wozizira amamutonthoza, ndiye mwina akhoza kumachiluma. Mulinso chithunzi chimodzi cha a Fenn chimene anandisiyira. Nyumba yathu simo, poti anajambula ali m'kati mwake. Mitengoyo musaikhulupirire.

A Hosmer anabwera dzulo kudzafunsa komaliza ngati ndikwera, chifukwa ngati ayi, pamalo pangapo akufuna kuikapo bokosi la mbewu. Ndinati aikepo. Anati nanga akakufikani akanene chiyani mukadzayang'ana pangolo n'kusandiona, ndipo ndinawauza kuti angokupatsani kalata musanafunse. Munaitana mng'ono wanu amene mumaganiza kuti wasunga mawu a Amayi. Sindingabwere kudzadya pakhomo panu m'dzina la munthu ameneyo.

Ngolo ina inyamuka mu Seputembala, chipale chisanatseke njira ya kumapiri. Ngati mutawerenga zonsezi mukundifunabe, mzere umodzi ndi wokwanira, ndipo ndidzabwera ngakhale atandikhazika pamwamba pa mabokosi. Ndimatha kuchapa, kusoka ndi kugoneka mwana, ndipo sindidya zambiri. Ngati ayi, musavutike kulemba zifukwa. Mungondilembera za mwana, mmene akukulira ndi amene wafanana naye, ine ndidzamva. Makalata a kumadzulo amafika Lachiwiri. A Orcutt andilola kuti tsiku limenelo ndizituluka msanga.

Achimwene ndi alamu akupereka moni, ndipo kachipewa koyera kamene ndakulungiramo chogwirira aluka ndi alamu. Mundiperekere moni kwa alamu a Jared. Manda a Amayi ndi a Bambo ndapalira, udzu wayamba kumera bwino. Zilpah mumugwire kuphazi m'malo mwanga. Mukamupatsa chogwiriracho mumuuze za agogo ake ndi agogo awo, zilembo zilipo zonse. Za mayi ake aang'ono musamuuze kaye, mpaka mutadziwa chimene mundiyankhe.

Ndine mng'ono wanu,
Achsah